Filimu ya Katuni Imayambira m'Khutu

Pa 20 Julayi 2023 kampani ya Netflix inatulutsa Supa Team 4, makatuni oyamba a mu Africa amene kampaniyo inachita kuitanitsa kuti apangidwe m'dzina lake. Ndi nkhani ya atsikana anayi a sukulu, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, amene amalimbana ndi anthu oipa mu Lusaka wa m'tsogolo, motsogoleredwa ndi mayi wachikulire wotchedwa Mama K. Mwini nkhaniyo ndi mlembi wa ku Zambia, Malenga Mulendema, ndipo nyimbo yotsegulira anaimba ndi Sampa the Great, nayenso mwana wa dziko lomweli. Chimene owonerera ambiri sanachione ndi kutalika kwa njira imene nkhaniyo inayenda. Mulendema anasankhidwa mu 2015 pa mpikisano wa Story Lab wa situdiyo ya Triggerfish ya ku Cape Town. Netflix inalengeza za makatuniwa mu 2019. Kuchokera pa kusankhidwako kufika tsiku limene ana anayamba kuwaonera, panadutsa zaka 8.

Munthu akamva zimenezi amaganiza kuti nthawi yonseyo inathera pa kujambula ndi kupaka utoto. Koma pa ntchito ya makatuni zithunzi zokongola zimabwera kumapeto. Choyamba ndi kulemba, kenako mawu a anthu olankhula, kenako zithunzi zongokhwatcha zimene amazilumikiza ndi mawuwo n'kupanga filimu yoyeserera yotchedwa animatic. Gawo limeneli ndi limene mnyamata kapena mtsikana wa ku Madzimoyo, kufupi ndi Chipata kum'mawa kwa Zambia, amene ali ndi foni, kope ndi laputopu yobwereka, angalichite bwino mofanana ndi situdiyo yaikulu. Ndi gawo lomwelinso limene ongoyamba kumene amakonda kulidumpha, chifukwa chala chimawayabwa kuti ayambe kujambula.

Masamu a kujambulako ndi amene amaopsa. Filimu ndi zithunzi zoima zimene zimadutsa mofulumira mpaka diso kunyengeka kuti zikuyenda. Ku sinema zimadutsa 24 pa sekondi iliyonse, pa TV ya kuno 25. Ojambula ndi manja anapeza kalekale njira yochepetsera ntchito: chithunzi chimodzi amachionetsa kawiri, motero pa sekondi pamafunika zithunzi 12. Filimu ya mphindi zitatu ili ndi masekondi 180, ndiye kuti zithunzi 2,160. Wojambula amene amamaliza zithunzi 20 pa tsiku angafunike masiku 108, osapuma ngakhale Lamulungu, osawerengera nyumba ndi mitengo ya kumbuyo, utoto kapena nyimbo. Akazindikira pa tsiku la 90 kuti nthabwala ya pakati siseketsa, kapena kuti agogo a m'nkhaniyo akulankhulabe pamene pakamwa pawo patsekeka kale, watayika. Wopanga filimu ya anthu enieni angaitanenso osewera ake mawa lake n'kubwereza. Wa makatuni amataya masabata.

Mawu poyamba

Anthu a kum'mawa kwa Zambia safunika kuuzidwa kuti mawu okha amatha kujambula chithunzi m'mutu. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, Julius Chongo ankamveka pa wayilesi ya boma ndi pulogalamu ya Chinyanja yotchedwa Poceza M'madzulo. Ankasimba yekha, koma omvera ankamva mudzi wonse: mfumu, nkhalamba, mayi wokwiya, mnyamata wochenjera, onsewo kutuluka pakhosi limodzi. Ernst Wendland, katswiri wa zilankhulo amene anakhala zaka zambiri ku Lusaka, anasonkhanitsa zina mwa nkhani za Chongo m'buku ndi kufufuza luso lake. Kutsidya kwa malire, Sewero la Sabata Ino pa wayilesi ya MBC linazoloweretsa Amalawi kuona ndi makutu. Chipata lero ili ndi mawayilesi ake, monga Breeze FM ndi Radio Maria, ndipo anthu odziwa kulankhula ndi maikolofoni sasowa. Pansi pa zonsezi pali nthano ya pamoto, imene wosimba akanena chiganizo omvera amavomera kuti "tili tonse", ndipo kuvomerako ndiko kumamuuza ngati afulumire kapena adekhe.

Wopanga katuni wa kuno ayambire pa chuma chimenechi. Asanagwire pensulo, ajambule nkhani yake yonse ngati sewero la pa wayilesi, aimvetsere atatsinzina. Ngati akusochera kuti akulankhula ndani, ngati pakati pakutopetsa, zithunzi sizidzachiritsa matendawo.

Masitudiyo a ku America anazolowera kalekale kujambula mawu zithunzi zisanayambe, ndipo chifukwa chake chimaoneka bwino mu filimu ya Aladdin ya 1992. Robin Williams, amene analankhula m'malo mwa Genie, ankasiya zolembedwa n'kumapeka zake pa maikolofoni, kusintha mawu kuchoka kwa munthu uyu kupita kwa uyo. Wojambula Eric Goldberg ankamvetsera zimenezo kenako n'kupanga thupi loti lizitsatira. Zithunzi zikanayamba, Williams akanamangika. Ku Pixar, pofuna kukopa Tom Hanks kuti avomere kukhala Woody, chidole cha mu filimu ya Toy Story, anatenga mawu ake a mu filimu ya Turner & Hooch ya 1989 n'kuwaika pakamwa pa chidolecho, ndipo anaona okha kuti mawuwo akupatsa chidolecho khalidwe. Ku Japan mwambo ndi wina: kawirikawiri amajambula zithunzi kaye, osewera n'kudzalankhula akuyang'ana sikirini, n'chifukwa chake pakamwa pa makatuni ambiri a kumeneko pamangotseguka ndi kutsekeka. Filimu ya Akira ya 1988 inatchuka mwa zina chifukwa inasiya mwambowo n'kuyamba ndi mawu.

Njira zonse ziwiri zimagwira ntchito, koma kwa gulu laling'ono la ku Madzimoyo yoyamba ndi mawu ndiyo yanzeru. Olankhula bwino alipo ambiri pafupi, pamene ojambula odziwa kuyendetsa zithunzi ndi ochepa. Ndi bwino kuti katundu wolemera asenze amene ali ndi mphamvu, zithunzi zingothandizira.

Filimu yoyeserera

Kuika zithunzi zokhwatcha pakhoma motsatana kuti nkhani ioneke yonse, kumene amati storyboard, kunakhazikika ku situdiyo ya Walt Disney kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ndipo katuni ya Three Little Pigs ya 1933 imatchulidwa kuti ndi yoyamba kukonzedwa yonse mwa njira imeneyi. Koma khoma silinena nthawi. Chithunzi cha munthu akugwa chingakhale cha theka la sekondi kapena masekondi atatu, ndipo kusiyana kwake ndi kwa kuseka ndi kumva chisoni. Choncho anayamba kujambula zithunzizo pa filimu, chilichonse n'kuchipatsa nthawi yake, n'kuikapo mawu. Kale ankaitcha Leica reel, potengera dzina la kampani yopanga makamera. Lero ndi animatic.

Ntchito yake ndi ngati ya zikhomo ndi chingwe zimene mmisiri amakhoma pansi asanakumbe maziko: mwini nyumba amayenda m'katimo, n'kuona kuti chipinda chachepa, ndipo kusuntha chikhomo sikudya njerwa ngakhale imodzi.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha Toy Story. Pa 19 Novembala 1993, a ku Pixar anaonetsa akuluakulu a Disney gawo loyamba la filimuyo lili zithunzi zokhwatcha ndi mawu. Zinaipa. Woody, amene lero ana amamukonda, anaoneka wankhanza, wolalatira zidole zinzake, woti munthu sangamumvere chisoni. Ntchito inaimitsidwa. John Lasseter wa ku Pixar ndi anzake anabwerera n'kukalembanso nkhaniyo, ndipo filimu inatuluka mu 1995. Vutolo linagwidwa lisanadye ndalama zambiri za zithunzi zenizeni, ndipo linagwidwa chifukwa anthu anakhala pansi n'kuonera nkhaniyo pa liwiro lake lenileni. Pa pepala nthabwala za Woody zinkawerengeka ngati zoseketsa. Zitatuluka pakamwa motsatizana zinasanduka mwano.

Tiyerekeze tsopano kuti achinyamata anayi a ku Madzimoyo akukonza katuni ya mphindi zitatu. Nkhani yake ndi ya mtsikana amene agogo ake amutuma kuchigayo pa njinga, ndipo pobwerera mbuzi ya pakhomo yaboola thumba. Kumapeto kuli kukambirana kotere:

"Iwe mwana, chimanga chija unapita nacho kuchigayo?"

"Ee, agogo, ndinapita nacho."

"Nanga ufa uli kuti?"

Apa mtsikana sayankha. Mbuzi ikutulukira kuseri kwa nkhokwe, nkhope ili mbee.

Nthabwala yonse yagona pa bata la pakati pa funso la agogo ndi kutulukira kwa mbuzi. Likafupika, owonerera sapeza mpata woyembekezera. Likatalika, amayamba kudabwa ngati filimu yaima. Palibe buku limene lingawauze achinyamatawo kuti likhale sekondi imodzi kapena ziwiri. Amaika chithunzi cha nkhope ya mtsikanayo, n'kuchikoka pa kompyuta kuti chitalike pang'ono, n'kuonera, n'kuchifupikitsa, n'kuoneranso. Kusintha kumeneku kumatenga kanthawi kochepa. Mu filimu yomalizidwa sekondi imodzi yomweyo ndi zithunzi 12 zoti zijambulidwe kapena zitayidwe.

Palinso chinthu china chimene animatic imavumbula, chimene mabuku a kunja sanena. Panjira mtsikanayo akukumana ndi a mfumu. Mwana woleredwa bwino wa kuno amatsika pa njinga, n'kupatuka, n'kugwada kapena kupinda maondo, n'kupereka moni. Zimenezi zimadya masekondi angapo, ndipo wojambula amene anakulira pa makatuni othamanga a pa TV amafuna kuzidula. Koma akazidula, mtsikanayo n'kungodutsa ali pa njinga, owonerera a ku Chipata adzawerenga chinthu chimene wolembayo sanalembe: kuti mwanayo ndi wamwano, kapena kuti pali choopsa chimene akuthawa. Ulemu uli ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi zina zonse. Ngati masekondi akuchepa, ndi bwino kuchotsa a mfumu m'nkhaniyo kusiyana ndi kuwadutsa osapereka moni, pokhapokha ngati kusapereka moniko ndiko nkhaniyo.

Zithunzi za animatic sizifunika kukongola. Mutu wozungulira, timizere ta manja, muvi wosonyeza kumene munthu akulowera, basi. Pa mphindi zitatu zithunzi zosakwana 100 zingakwane. Kukongoletsa pa nthawi imeneyi n'koopsa ndithu, chifukwa munthu amakakamira chithunzi chimene wachivutikira, ngakhale nkhani ikufuna kuti chichoke.

Mawu oyamba angakhale ongogwirizira, olankhulidwa ndi ojambulawo okha, podikira osewera enieni. Nthawi zina ongogwirizirawo amakhalira pomwepo. Joe Ranft wa ku Pixar analankhula mongoyeserera m'malo mwa Heimlich, mbozi yonenepa ya mu A Bug's Life ya 1998, ndipo mawu ake ndi amene anatsala mu filimu. Brad Bird, amene anatsogolera The Incredibles ya 2004, anamaliza ndi kulankhula yekha mawu a Edna Mode.

Kujambula mawu pansi pa malata

Madzimoyo ili kumadzulo kwa Chipata, kufupi ndi msewu waukulu wa Great East, pamalo pamene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikitsa siteshoni mu 1903, zaka zochepa atayamba ku Magwero mu 1899. Ndi dera la sukulu, tchalitchi ndi minda, ndipo khutu la munthu wozolowera limati n'kwa zii. Maikolofoni imatsutsa. Imamva malole a pamsewu, chigayo, tambala, nyenje za m'nyengo yotentha, ndipo kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo imamva mvula pa malata, imene palibe pulogalamu ya kompyuta ingaichotse bwinobwino. Wokonzekera bwino amasankha miyezi ya chilimwe, n'kuyamba wamvetsera malowo pa nthawi zosiyanasiyana za tsiku asanaitane osewera.

Mdani wachiwiri ndi chipinda chenichenicho. Kalasi yopanda kanthu, ya simenti pansi ndi makoma osalala, imabweza mawu, ndipo agogo amene pa chithunzi akhala panja pa mphasa amamveka ngati ali m'holo. Chipinda chaching'ono chokhala ndi matiresi, zovala ndi mabulangete opachikidwa chimaposa kalasi yaikulu. Nyumba ya udzu imachitanso bwino kuposa ya malata. Foni wamba ingajambule mawu omveka ngati ili pafupi ndi pakamwa, kutalika kwa chikhatho chotambasula, ndiponso chapambali pang'ono kuti mpweya wa "ph" ndi "th" usaombe mwachindunji. Isagwiridwe m'manja, iikidwe pa chinthu chofewa. Ndi bwino kusunga mawuwo ngati WAV pa 48 kHz, muyezo umene mafilimu amagwiritsa ntchito, ndi kupewa kuwatumizirana ngati uthenga wa mawu pa WhatsApp, chifukwa njira imeneyo imawafinya. Asanachoke m'chipindamo, onse akhale chete theka la mphindi foni ikujambula. Bata la chipinda chilichonse lili ndi kamvekedwe kake, ndipo lidzafunika potseka mipata ya pakati pa ziganizo.

Masitudiyo akuluakulu nthawi zambiri amajambula wosewera aliyense payekha, chifukwa anthu otchuka sapezeka tsiku limodzi. Gulu laling'ono lili ndi mwayi wokhazika agogo ndi mdzukulu m'chipinda chimodzi, kuti aziyankhana zenizeni. Kusiyana kwake kumamveka: munthu akamayankha mnzake, mawu ake amanyamula zimene wangomva. Chofunika n'chakuti asalowererane, kuti pambuyo pake chiganizo chilichonse chithe kusunthidwa pachokha. Ndipo ngati wosewera wachikulire wakana chiganizo, kunena kuti munthu wamkulu sangalankhule choncho, wolembayo amvere. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Ngati pali mwana, mawu ake onse ajambulidwe m'masiku oyandikana, pamaso pa kholo, chifukwa filimu imachedwa ndipo mawu a mnyamata amatha kusintha ntchito isanathe.

Funso la chilankhulo limadulidwanso pa nthawi yomweyi, ndipo kuno si laling'ono. M'midzi ya Angoni a Mpezeni anthu ambiri amalankhula Chinsenga. Ku Katete ndi ku Chadiza kumamveka Chichewa. Mu tauni ya Chipata zonsezi zimasakanikirana, ndipo wobwera kuchokera ku Lusaka amabwera ndi Chinyanja chake cha mu mzinda. Katuni yabwino siyenera kusalaza kusiyana kumeneku. Agogo alankhule ngati agogo a m'mudzimo, mdzukulu wochokera ku tauni amveke kuti ndi wa ku tauni, ndipo owonerera adzadziwa zambiri za anthu awiriwo popanda chithunzi chowonjezera. Supa Team 4 inatuluka m'Chingerezi ndipo inaikidwanso m'Chizulu. Imeneyo ndi njira ya filimu yofuna dziko lonse. Katuni ya mphindi zitatu ya ku Madzimoyo ili ndi ufulu umene ya Netflix ilibe, wobadwira m'chilankhulo cha eni ake kuyambira pa chiganizo choyamba.

Pakamwa

Mawu akajambulidwa, wina amakhala nawo pansi n'kumawamvetsera pang'onopang'ono, kulemba kuti pa chithunzi chakuti pakutuluka liwu lakuti. Kale ankalemba pa pepala lalitali la mizere, mzere uliwonse kuimira chithunzi chimodzi, ndipo ngakhale lero pepalali limathandiza. Safunika kujambula pakamwa patsopano pa chilembo chilichonse. Wojambula Preston Blair anaonetsa m'buku lake lophunzitsa makatuni kuti maonekedwe a pakamwa ochepa chabe, osafika khumi ndi awiri, amakwanira kulankhula konse.

Pa Chichewa ntchitoyi ili ndi pophweka pake ndi povuta pake. Mavawelo ndi asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo mawu amathera pa vawelo, choncho pakamwa pamatseguka motsatana bwino ndipo pamatsala potseguka chiganizo chikatha. Povuta ndi pa milomo. M, b, p, mb, mph, bw ndi mw zili paliponse, ndipo diso la owonerera limagwira msanga ngati milomo sinakumane pa "mbuzi" kapena "amayi". Wojambula akaonetsetsa kuti milomo yatsekeka pamalo amenewa, zina zonse diso limakhululuka. Komanso Chichewa chimakoka silabo yachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo, ndipo pamenepo ndi pamene mutu uyenera kugwedezeka kapena nsidze kukwera. Katuni imene inajambulidwa potsatira Chingerezi n'kudzaikidwa Chichewa pamwamba imaphonya malo amenewa, ndiye thupi limatsindika pena, mawu pena. Mapulogalamu a kompyuta amene amati amayendetsa okha pakamwa ambiri anapangidwira Chingerezi, choncho zimene atulutsa ziyenera kuyang'anidwanso ndi munthu.

Pakamwa si pamene owonerera amayang'ana kwambiri. Amayang'ana maso, manja ndi mapewa. Agogo akafunsa za ufa ali chogwira m'chiuno, funsolo ndi lina, akafunsa akupitiriza kupeta osatukula mutu, ndi linanso, ndipo lachiwirilo ndilo loopsa kwa mdzukulu. Zosankha zoterezi zimapangidwa mu animatic. Ndiponso pamene wolankhula wafulatira, kapena kamera ili pa nkhope ya womvera, palibe pakamwa pofunika kujambula, ndipo gulu lochenjera limakonza dala malo otere kuti lisunge mphamvu.

Zipangizo, magetsi ndi chilolezo

Za mapulogalamu sizifuna mawu ambiri. Audacity imadula ndi kukonza mawu, Krita ndi OpenToonz zimajambula zithunzi zoyenda, Blender imachita zonse pamodzi, ndipo zonsezi ndi zaulere. Zithunzi za pa kope zingajambulidwe ndi foni n'kuikidwa mu pulogalamu iliyonse yolumikizira mavidiyo. Filimu ya Flow ya ku Latvia, imene inapambana mphoto ya Oscar mu 2025, inapangidwa ndi Blender, ndipo mwini wake Gints Zilbalodis sanajambule storyboard, anangoyamba ndi animatic pa kompyuta. Mulibe munthu wolankhula mu filimuyo, komabe anasamala za mawu mpaka kujambula zinyama zenizeni. Ku Zimbabwe, The Legend of the Sky Kingdom ya 2003 inapangidwa ndi zidole za zinthu zotoledwa kudzala. Ku Niger, Moustapha Alassane anali akupanga kale makatuni m'zaka za m'ma 1960. Kusowa kwa zipangizo zodula sikunaletse aliyense wa iwowa.

Magetsi ndi nkhani ina. Chilala cha 2024 chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo dziko lonse linakhala maola ambiri pa tsiku mopanda magetsi. Apanso kukonzekera kumapulumutsa: kulemba, kuyeserera mawu ndi kukhwatcha zithunzi pa kope sizifuna soketi, choncho kompyuta imasungidwira ntchito imene singachitike mwa njira ina.

Chilolezo ndi chimene ambiri amakumbukira mochedwa. Aliyense amene mawu ake alowa mu filimu agwirizane nawo molemba, ngakhale pa pepala limodzi, za kumene filimuyo idzaonetsedwe ndi zimene adzalandire ikadzabweretsa ndalama. Nyimbo ya woimba wina siitengedwa chifukwa choti ili pa foni. Ku Zambia za umwini wa nyimbo amayang'anira a ZAMCOPS, ndipo njira yosavuta ndi kupempha woimba wa pafupi kuti apeke yatsopano. Dera lino lilinso ndi zinthu zimene zimakopa wojambula aliyense: Nc'wala ya ku Mtenguleni mu Febuluwale, Kulamba ya ku Mkaika mu Ogasiti, ndi Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005. Gule ali ndi eni ake ndi zinsinsi zake. Wofuna kumuika mu katuni apite kwa akuluakulu ndi animatic m'manja, awaonetse chimene akufuna kuchita zithunzi zikadali zokhwatcha, kuti ngati pali choti chichoke chichoke nthawi ikadalipo.

Animatic ikatha imaonetsedwa kwa anthu amene sakudziwa nkhaniyo. Abale ndi abwenzi amayamikira chilichonse, ndiye oyenera ndi ana a kalasi ina kapena amayi a pamsika. Wopangayo asafotokoze kanthu, akhale kumbali n'kumayang'ana nkhope zawo, osati sikirini, n'kulemba sekondi imene aseka, imene ayamba kucheza ndi imene afunsana kuti uyu ndi ndani. Pambuyo pake apemphe mmodzi kuti asimbe zimene waona. Ngati mwanayo sanatchule kuti thumba linaboledwa ndi mbuzi, ndiye kuti chithunzi cha mbuzi pa thumba chinafupika kapena chinabisika, ndipo chiyenera kukonzedwa n'kuonetsedwanso kwa ana ena.

Zikakhazikika, gululo limagwirizana kuti nthawi sidzasinthanso. Filimu imadulidwa m'zigawo, chilichonse kuyambira pamene kamera yasintha kufika pamene yasinthanso, ndipo chigawo chilichonse chimapatsidwa nambala, kutalika kwake m'masekondi, mawu ake ndi dzina la amene achijambule. Zigawo zovuta, monga njinga ikukhota kapena mtsikana akugwada, zimapita kwa wodziwa kwambiri, ndipo za nkhope yongophethira zimapita kwa wophunzira. Chigawo chikamalizidwa chimalowetsedwa mu animatic m'malo mwa chokhwatcha chake, motero tsiku lililonse filimu yonse imaonereka kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mbali ina ya utoto, mbali ina ya pensulo. Mawu oyambirira aja, pamodzi ndi animatic, amasungidwa malo awiri osiyana, pa laputopu ndi pa fulashi imene imagona nyumba ina.